Kodi a Chirac Anaonamo Ciani m'Masewera a Sumo?

Munthu amene aona masewera a sumo kwa nthawi yoyamba kawirikawiri amaseka. Amaona amuna awiri onenepa koopsa, osabvala kanthu koma lamba wa nsalu yokhuthala m'ciuno, tsitsi atalimanga mfundo pamwamba pa mutu, ali kuponda pansi, kuwaza mcere ndi kuyang'anizana ngati atambala. Kenaka amagundana, ndipo woonerera asanakhazikike bwino pa mpando, mmodzi wagwa kale, zonse zatha.

Koma kunja kwa dziko la Japan, kumene ndiko kwao kwa masewerawa, kuli anthu ambiri amene atayang'ana kaciwiri ndi kacitatu anagwidwa mtima, nawakonda moyo wao wonse. Wochuka koposa mwa iwo anali malemu a Jacques Chirac, amene anali Pulezidenti wa dziko la France kuyambira 1995 kufikira 2007. Lero tifuna kufotokozera awerengi athu za mkulu ameneyu, ndi za cimene ciri mu sumo cimene cikhoza kukoka munthu wa kutali, wa cilankhulo cina ndi miyambo ina.

Mlendo wa ku Paris

A Chirac anabadwa mu mzinda wa Paris m'caka ca 1932. Ali mnyamata wa pa sukulu anali kukonda kupita ku nyumba yosungiramo zinthu zakale yochedwa Musée Guimet, m'mene muli zosema, mbiya ndi zojambula zocokera ku maiko a ku Asia. Nthawi zina anali kuzemba m'kalasi kuti akaone zimenezi. Cidwi cao pa dziko la Japan cinayambira pamenepo, ndipo pa moyo wao anakacezako maulendo oposa 40.

M'caka ca 1986, pamene iwo anali meya wa Paris, akatswiri a sumo anabwera kudzaonetsa masewera ao mu mzindawo. Anabweranso mu 1995, a Chirac atangokhala kumene pa mpando wa upulezidenti. Nyuzipepala za ku France zinali kulemba kuti pa masiku a mpikisano, ofesi ya kazembe wao ku Tokyo inali kutumiza zotsatira za tsiku ndi tsiku ku nyumba ya Pulezidenti, kuti bwanayo asatsalire m'mbuyo. Mu Malichi 2005, ali pa ulendo wa boma ku Japan, anapatula nthawi nakakhala pakati pa oonerera mu mzinda wa Osaka. Ngakhale kagalu kao koyera ka m'nyumba anakacha dzina lakuti Sumo. Kuyambira m'caka ca 2000 anali kupereka cikho ca Pulezidenti wa France kwa wopambana pa mpikisano, kufikira pamene anacoka pa mpando.

Si onse a kwao amene anagwirizana nao. Mu 2004 nyuzipepala zinalemba kuti a Nicolas Sarkozy, amene pa nthawiyo anali nduna ndipo pambuyo pace analowa m'malo mwa a Chirac, ananyoza sumo kuti ndi kulimbana kwa anthu onenepa odzola mafuta m'tsitsi, kosayenera munthu wophunzira. Akulu akale anati cakonda mnzako mlekere. Koma funso liri lomwelo: munthu amene anali ndi dziko lonse pa mapewa ace anali kufunanji kwa amuna awiri okankhana pa dothi? Kuti timvetse, tiyeni tiyandikire bwalo.

Lamulo losabvuta

Bwalo la sumo limachedwa dohyo. Ndi ciunda ca dothi loumbidwa ndi kupondereza mwamphamvu, cotalika ngati kufika m'mawondo. Pamwamba pace amazika mitolo ya mapesi a mpunga mozungulira, ndipo kucokera mbali ina kufika mbali ina ya mzere wozungulirawo ndi mamita 4.55 okha, ngati kukula kwa nyumba yaing'ono yozungulira ya pa mudzi. Bwalo latsopano limaumbidwa ndi manja pa mpikisano uliwonse.

Lamulo lace ngakhale mwana akhoza kulimva. Wagonja ndi iye amene wayamba kutuluka kunja kwa mzere, kapena amene wakhudza pansi ndi ciwalo ciriconse kupatulapo mapazi. Cala cimodzi cikakhudza dothi, kaya bondo, kaya nsonga ya tsitsi, kwatha. Nkoletsedwa kumenya ndi nkhonya, kukoka tsitsi, kutosa m'maso kapena kukanyanga pakhosi. Kukankha, kumenya mbama, kupinga mwendo, kunyamula mnzako ndi lamba ndi kumponya pansi, zonsezi nzololedwa.

Apa ndi pamene mlendo amayambira kukopeka. Safunika kudziwa Cijapani kuti aone amene wapambana. Koma akapitiriza kuonerera amazindikira kuti m'kati mwa lamulo losabvutali muli njira 82 zopambanira zimene bungwe la sumo limazindikira, iriyonse ndi dzina lace. Amayamba kuona kuti wina amafuna kugwira lamba ndi dzanja lamanzere ca m'kati, wina safuna konse kugwidwa ndipo amangokankha pa cifuwa ndi pakhosi, wina amadikira kuti mnzace atsamire kwambiri kutsogolo kuti amgwetse ndi kulemera kwace komwe. Cimene poyamba cinaoneka ngati kugundana kwa nkhunzi cimasanduka ngati nsolo wa akatswiri, koma wothera m'masekondi asanu kapena khumi.

Mwambo usanayambe mpikisano

Sumo ndi wakale kwambiri. Buku la mbiri ya Japan lochedwa Nihon Shoki, limene linamalizidwa m'caka ca 720, limasimba za amuna awiri, Nomi no Sukune ndi Taima no Kehaya, amene analimbana pamaso pa mfumu. Kwa zaka mazana ambiri anthu a m'midzi anali kucita sumo pa malo opembedzera a cipembedzo ca makolo ao cochedwa Shinto, popempha kuti mpunga ubereke bwino. Zizindikiro za ciyambi cimeneci zikali kuoneka kufikira lero.

Pamwamba pa bwalo pamalendewera denga lofanana ndi la kacisi wa Shinto. Tsiku loti mawa mpikisano uyamba, amakumba kadzenje pakati pa bwalo, nakwiriramo mpunga, mcere, mtedza wa m'mitengo ndi zouma za m'nyanja, nathirapo mowa wa mpunga. Wolimbana aliyense, amene pa Cijapani amachedwa rikishi, akakwera pa bwalo amatukula mwendo m'mwamba ndi kuponda pansi mwamphamvu, kuti apirikitse zoipa za m'nthaka. Amatsuka m'kamwa ndi madzi, nawaza mcere poyeretsa malo. Amanjuta, naomba m'manja, natambasula mikono kuonetsa kuti alibe cida.

Kwa akatswiri a gulu lapamwamba, kukonzekera kumeneku kumatenga mphindi zinai. Amapita pakati, nayang'anizana, nabwerera ku ngodya kukatenga mcere wina, nabweranso. Woonerera watsopano amaona ngati ndi kutaya nthawi. Wozolowera amadziwa kuti nkhondo yayamba kale: amayang'ana amene nkhope yace yafiira, amene wayamba kuthawitsa maso, amene ali kupuma mofulumira.

Ndipo pali cinthu cimodzi cimene cimadabwitsa alendo onse. Palibe wezulo, palibe belu. Woweruza, amene amachedwa gyoji, sauza olimbana kuti yambani. Iwo eni awiriwo amagunda pansi ndi nkhonya zao, nadzambatuka nthawi imodzi mwa kumvana. Ngati mmodzi wafulumira mnzace asanakonzeke, amabwerera nayambanso. Adani awiri ayenera kuyamba agwirizana asanagundane.

Kukula mphuno sikudziwa kumina

M'masewera a nkhonya, munthu amamenyana ndi wa msinkhu wace pa sikelo. Mu sumo wa akatswiri mulibe zimenezo. Wamng'ono amakumana ndi wamkulu popanda kumcitira cifundo, ndipo si nthawi zonse pamene wamkulu amapambana.

M'zaka za m'ma 1990 kunali Konishiki, wobadwira ku Hawaii, amene anafika pa makilogalamu 287. Kumeneko ndi kulemera kwa matumba a cimanga pafupifupi asanu ndi limodzi a makilogalamu 50. Kunalinso Mainoumi, mwamuna wamfupi wosafika bwino makilogalamu 100, amene anali kulumpha, kuzemba ndi kulowa kunsi kwa mimba ya mdani wace. Awiriwa anakumana kambiri, ndipo Mainoumi anapambana kangapo. Chiyonofuji, amene anatenga cikho ka 31 napambana maulendo 53 motsatizana mu 1988, sanali wa mimba yaikulu konse. Anali wa minofu yokhayokha.

Ngakhale amene aoneka onenepa, pansi pa mafutawo pali mphamvu yoopsa. Munthu wa makilogalamu 160 amakhoza kukhala pansi, kutambasula miyendo kotheratu, ndi kugunditsa cifuwa pa dothi. Zimenezi zimadza ndi zaka zambiri za kuzolowetsa thupi m'mawa uliwonse.

Wopambana sabvina

Tafika pa cimene okonda sumo ambiri a kunja amachula koposa zonse, ndico ulemu. Tonse tidziwa zimene zimacitika pa mpira munthu akamwetsa cigoli: kuthamanga, kubvula malaya, kubvina. Mu sumo wopambana sacita zotere. Amabwerera ku mbali yace, awiriwo naweramirana mitu. Wogonja amatsika mwakacetecete. Wopambana amanjuta kuti woweruza amloze, ndipo ngati pali mphoto ya ndalama amailandira mosaonetsa mano. Kawirikawiri mudzaona munthu amene wangokankhira mnzace kunja akutambasula dzanja kumgwira kuti asagwere pa anthu. Asanacoke, wopambanayo amaima pambali pa bwalo kuti apatse madzi wolimbana wotsatira.

Amene aswa mwambo umenewu amadzudzulidwa, ngakhale akhale wamkulu cotani. Mu Januwale 2009 katswiri wa ku Mongolia, Asashoryu, atatenga cikho anakweza manja m'mwamba ali pa bwalo cifukwa ca cimwemwe, ndipo akuluakulu oyang'anira khalidwe la akatswiri anamdzudzula poyera.

Woweruza nayenso ali ndi katundu wace. Ayenera kuloza wopambana nthawi yomweyo, ngakhale awiriwo agwere pamodzi. Pansi mozungulira bwalo pamakhala oweruza ena asanu obvala zakuda, amene akhoza kukwera, kukambirana ndi kusintha ciweruzo kapena kulamula kuti alimbanenso. Gyoji wa udindo waukulu koposa amanyamula kampeni m'lamba mwace, cizindikiro cakale cakuti ali wokonzeka kulipira ndi moyo wace ngati alakwa. Masiku ano palibe amene amadzipha. Akalakwa amapempha kutula pansi udindo, ndipo mwa mwambo pempho lace limakanidwa.

Udindo sugulidwa

Mipikisano yaikulu imacitika kasanu ndi kamodzi pa caka: mu Januwale, Meyi ndi Seputembala ku Tokyo, mu Malichi ku Osaka, mu Julayi ku Nagoya, ndi mu Novembala ku Fukuoka. Uliwonse umatenga masiku 15, ndipo katswiri wa magulu awiri apamwamba amalimbana kamodzi pa tsiku. Akapambana masiku 8 kapena kuposa, amakwera, akalephera, amatsika. Mpikisano usanayambe kumatuluka cipepala cochedwa banzuke, pamene maina onse amalembedwa ndi manja motsata udindo, a pamwamba m'zilembo zikuluzikulu, a pansi m'tizilembo tobvuta kuwerenga.

Mwa olimbana pafupifupi 600, okwana 70 okha a magulu awiri apamwambawo ndi amene amalandira malipiro a pa mwezi. Otsalawo amakhala m'nyumba zophunziriramo zochedwa heya, pansi pa mphunzitsi amene ali ngati bambo wao. Wamng'ono amadzuka kusanace, nayamba kuzolowetsa thupi m'mimba muli pululu. Amasesa, amaphika, amacapa, amatsuka wamkulu kumsana posamba, ndipo amadya pomalizira. Cakudya cao ndi mphika waukulu wa nyama kapena nsomba ndi masamba wochedwa chanko, pamodzi ndi mbale zambiri za mpunga. Pa masiku a mpikisano ambiri amakonda nkhuku, ati cifukwa imaima ndi miyendo iwiri, pamene nyama ya miyendo inai imakumbutsa munthu amene wagwira pansi ndi manja.

Pamwamba pa onse pali yokozuna, amene amabvala cingwe coyera cokhuthala m'ciuno pa mwambo wolowera m'bwalo. M'mbiri yonse ya sumo, kufikira Onosato amene anakwezedwa mu 2025, anthu 75 okha ndi amene awerengedwa pa udindo umenewu. Yokozuna satsitsidwa. Mphamvu zikayamba kumthera, ayenera kuzindikira yekha natula pansi udindo asanacititse manyazi cingweco. Munthu wa ndale monga a Chirac, amene anakhala zaka zoposa 40 m'mipando ya boma, sakanalephera kuona kulemera kwa lamulo lotere.

Wopambana mpikisano amalandira cikho ca Mfumu ya Japan, ndi mphoto zina zimene mlimi aliyense angazimvetse: matumba 30 a mpunga, nyama ya ng'ombe yathunthu ya ku Miyazaki, ndi bowa wouma.

Alendo amene analowa m'bwalo

Alendo ena sanakhutire ndi kuonerera kokha. Takamiyama wa ku Hawaii anali woyamba wobadwira kunja kutenga cikho, mu Julayi 1972, ndipo uthenga woyamikira wocokera kwa Pulezidenti Richard Nixon wa ku America unawerengedwa pa bwalo. Akebono, nayenso wa ku Hawaii, anakhala yokozuna woyamba wacilendo mu 1993. Pambuyo pace kunabwera a ku Mongolia, ndipo mmodzi wa iwo, Hakuho, anatenga cikho ka 45, kuposa munthu wina aliyense, asanapume mu 2021. Mu Novembala 2025 mnyamata wa zaka 21 wa ku Ukraine, Aonishiki, amene anacoka kwao mu 2022 cifukwa ca nkhondo, anatenga cikho ku Fukuoka.

Wa ku Africa woyamba anali Abdelrahman Shalan wa ku Egypt, amene anapatsidwa dzina lakuti Osunaarashi, kutanthauza mkuntho waukulu wa mcenga. Analowa mu 2012, nafika m'gulu lapamwamba mu Novembala 2013. Mu Julayi 2014, m'mwezi wa Ramadan pamene Asilamu amasala kudya usana, anagonjetsa ayokozuna awiri. Anacoka mu 2018 ataswa lamulo loletsa olimbana kuyendetsa galimoto.

Onsewa sanalandiridwe monga alendo ongodzaceza. Anayenera kuphunzira Cijapani, kusunga tsitsi, kubvala zobvala za makolo a kumeneko poyenda m'mseu, ndi kuyambira pansi penipeni, kusesa ndi kuphika monga wina aliyense. Masiku ano heya iriyonse imaloledwa kukhala ndi wobadwira kunja mmodzi yekha.

Walira mvula walira matope

Wokonda sumo weniweni sabisa zoipa zace. Mu 2007 mnyamata wa zaka 17 anafa atamenyedwa ndi anzace pa lamulo la mphunzitsi wao, ndipo mphunzitsiyo anaweruzidwa kukakhala ku ndende. Mu 2011 zinaululika kuti olimbana ena anali kugulitsana cipambano. Mpikisano wa mu Malichi unalephereka, ndipo anthu oposa 20 anacotsedwa. Mu Epulo 2018, meya wa mzinda wa Maizuru anagwa mwadzidzidzi ali kulankhula pa bwalo. Amai amene anathamangira kukamthandiza, mmodzi wa iwo namwino, anauzidwa pa cokuzira mau kuti atsike, cifukwa mwambo sulola mkazi kuponda pa dohyo. Anthu anakwiya, ndipo mkulu wa bungwe la sumo anapepesa. Komanso thupi lolemera cotere limabweretsa matenda a shuga, a mtima ndi a mawondo, kotero kuti olimbana ambiri safika ukalamba umene anzao a ku Japan amafika.

Zimenezi zimasonyeza kuti mwambo womwewo umene umaphunzitsa wamphamvu kudzicepetsa ukhozanso kubisa nkhanza ngati palibe wofunsa. Okonda sumo a m'dzikomo ndi a kunja omwe amakangana kufikira lero za cimene ciyenera kusungidwa ndi cimene ciyenera kusiyidwa.

Cikoka cikalipo

A Chirac anamwalira pa 26 Seputembala 2019, koma sanali okha, ndipo sanali omalizira. Woyimba wochuka wa ku Britain, Paul McCartney, anakaonerera ku Fukuoka mu Novembala 2013, naperekapo ndalama za mphoto. Mu 1991 akatswiri a sumo analimbana masiku asanu mu holo ya Royal Albert Hall ku London, ndipo pamene anabwereranso m'holo yomweyo mu Okutobala 2025, anthu anadzaza malo onse. Eni ace sanasinthe kanthu kuti akondweretse alendo. Ananyamula mwambo wonse: denga, mcere, zobvala za woweruza ndi kudikira kwa mphindi zija. Alendo anadza cifukwa ca comweco.

Nthawi ya ku Japan iri patsogolo pa yathu ndi maola 7, kotero akatswiri a gulu lapamwamba amalimbana pakati pa 9 ndi 11 koloko m'mawa kuno kwathu. Wailesi ya kanema ya ku Japan ya NHK imaonetsanso zidule zace m'Cingerezi pa intaneti. Wina wa inu akadzapeza mwai woonera pa foni ya mwana kapena ya mnansi, asadzathere maso pa mimba. Adzayang'ane nkhope za awiriwo asanagundane, mapazi ao pamene afika pa mzere wa mapesi, ndi dzanja la wopambana pamene mnzace ali pafupi kugwa.